Chitofu cha Abiti Twaibu

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifunafuna. Inandipeza yokha nditakhala pa siteshoni ya Balaka. Zaka zimenezo njanji yopita ku Nayuchi inali ikadali yatsopano, ndipo ine, munthu wometa kale ndevu, ndinali ndi matenda amodzi: kulota masana dzuwa likuswa mtengo. Amayi akandituma kuchokera kwathu kwa Nsamala kuti ndikagulitse nandolo, sindinkabwerera msanga. Ndinkakhala pamthunzi pafupi ndi njanji, khadi la chipani lili m'thumba kuopa anyamata a malaya ofiira, n'kumayang'ana kutali kumene zitsulo ziwiri zija zimaoneka ngati zakumana. Nyengo yotentha kumeneko kumanyezimira ngati kuli madzi, ndipo sitima ikamabwera imayamba yaoneka ngati ikuyandama. Ndinkadziona ndili m'mutu mwa sitimayo, ndikudutsa midzi imene sindinkadziwa ngakhale mayina ake.

Tsiku lina anatsitsa bokosi la matabwa limene linkabuulitsa amuna onse olinyamula. Mwini wake anali bambo wamfupi wa imvi, wolankhula Chichewa chonunkhira Chilomwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Inu a pansi pa mtengo, msana umenewo ndi wobwereka kapena ndi wanu?”

Ndinati ndi wanga. Anati ndiye ndiubweretse kuno. Tinakweza bokosilo pa ngolo, ndipo titafika kuseri kwa masitolo a amwenye, pa chisakasa chawo chokhomerapo ndowa, mbaula ndi nyali za koloboyi, analikanula ndi chitsulo. M'kati munali chinthu chakuda cha miyendo inayi, cha titseko tokhala ndi maluwa osema, chonunkha mafuta ndi ulendo wautali. Ndinali ndisanachionepo. Anandiuza kuti ndi chitofu cha nkhuni, ndipo ngati ndikufuna kuona mmene chimapumira ndibwere mawa. Bamboyo anali a Makwinja, ndipo mawa lakelo linasanduka zaka zambiri.

A Makwinja anaphunzira ntchitoyi ku Halale ali anyamata. Ogula zitofu masiku amenewo sanali ambiri: a mishoni, aphunzitsi opuma ntchito, makalaliki a kwa DC, ndi ena obwera ku Joni amene ankafuna kuti mudzi udziwe kuti anayendadi. Ambiri ankayesa kuti chitofu chili ngati wailesi, ukachitsitsa pa ngolo basi chiyambe kuyimba. Choncho ntchito yathu yoyamba inali kuwakhazika mtima pansi. Tinkapita kaye kukaona nyumba chitofu chisanafike. Tinkayeza khomo kuti tione ngati chingalowe, kenako n'kuyang'ana denga. Likakhala la udzu a Makwinja ankapukusa mutu n'kutsanzika, chifukwa sankafuna kudzamva kuti nyumba ya munthu yapsa ndi paipi yawo. Likakhala la malata tinkasankha malo otalikirana ndi mitengo ya denga, n'kumanga nsanja ya njerwa zootcha, yosapendekeka ngakhale pang'ono. Pa levulo, chipangizo choyezera kupendekeka, sankanyengerera. Kadontho ka m'galasi kaja kakapanda kukhala pakati penipeni, ndinkagumula n'kuyambiranso. Tikatero tinkaisiya nsanjayo kuti iume.

Tsiku lobweretsa chitofu tinkachotsa zonse zochotseka kuti chipepuke: zivundikiro zozungulira za pamwamba, chitsulo cha mipata chimene pamakhala nkhuni, kabokosi ka phulusa, titseko ndi njerwa za m'kati. Thupi lakelo tinkalinyamula pa mitengo iwiri ngati machira. Likakhala pa nsanja, ndinkalendewetsa chingwe chomangirira mwala kuchokera kudenga mpaka chitalunjika pakamwa pa paipi, n'kukhoma msomali pa lata kuti ndikakwera pamwamba ndidziwe poboola. Bowo ndinkaliyamba ndi chizulo ndi nyundo, n'kulimaliza ndi sizasi ya malata. Mapaipi tinkawalumikiza mpaka atapitirira msonga ya denga. Podutsa pa lata tinkaveka kolala yoletsa mvula, pamwamba penipeni chipewa. Polumikizira ponse tinkamata dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa losefa.

Malamulo a a Makwinja sanali ambiri, koma ankawabwereza ngati katekisimu. Chitsulo cha chitofu, ankatero, ndi mtundu umodzi ndi cha mphika wa miyendo itatu: ndi cholimba, koma sichipindika, chimangosweka. Chikatentha usachithire madzi. Moto woyamba uzikhala waung'ono, wa tinkhuni towuma, osati tsanya amene kwathu kuno timamunyadira, chifukwa tsanya amatentha mopanda chisoni. Ndipo moto woyambawo umatulutsa utsi woipa, osati wa nkhuni iyayi, koma wa mafuta ndi utoto zimene amapaka ku fakitale kuti chitofu chisachite dzimbiri panjira. Utsi umenewo sudutsa m'paipi. Umafuka kuchokera pa thupi lonse la chitofu n'kudzaza nyumba, ndipo umaluma m'maso ndi pammero. Tinkachenjeza eni nyumba kuti tsiku limenelo atsegule zitseko, ndipo makanda ndi odwala atalikire.

Ine mbali imene ndinkaikonda inali ya padenga. Ndikamaliza kuveka chipewa ndinkatsalira komweko, ndikudikira kuti utsi woyamba utuluke. Umayamba mwamanyazi, kenako n'kuwongoka, n'kukwera mpaka kusowa. Ndinkautsatira ndi maso mpaka a Makwinja atakuwa pansi kuti, “A Maloto, tsikani, kumwamba sanakuitaneni.” Dzinalo linandikanirira mpaka lero.

Chaka changa chachiwiri kunabwera munthu wa ku Liwonde dzina lake Che Ajibu, wogula nsomba kwa asodzi a mu Shire n'kumakagulitsa ku Limbe. Anali wamtali, wofatsa, wovala mkanjo woyera ndi kapu yoluka. Ankalankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba muli wodwala, ndipo analidi naye. Akazi awo, Abiti Twaibu, anali ndi mphumu. Achipatala anawauza kuti utsi wa pa mafuwa ndi umene ukuwamaliza, moti panali patapita nthawi yaitali asanaphike. Che Ajibu anamanga khitchini yatsopano ya njerwa ndi malata, naitanitsa chitofu. Sananene zambiri, anangoti akufuna kuti mayi a kunyumba abwerere pa malo awo.

Sabata imeneyo a Makwinja anaponda lata, phazi linatupa ngati dzungu. Anandituma ndekha kukamanga nsanja. Nyumba ya Che Ajibu inali kutsidya kwa mlatho, chapafupi ndi madzi, pakati pa milambe ndi migwalangwa. Abiti Twaibu ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, munthu wochepa thupi, wa maso akuluakulu. Akamalankhula ankadukiza mawu kuti akoke mpweya, ndipo m'chifuwa mwawo munkamveka kakhweru. Chakudya chimene ndinadya tsiku limenelo anaphika ndi ena, m'khitchini yakale ya udzu, koma iwo ndiwo ankalamula ali pakhondepo kuti mchere wakwana, anyezi akazingidwe kaye. Ndinaona kuti maso awo sankachoka pa khomo la khitchiniyo. Pobwerera ndinawafotokozera Che Ajibu zonse monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinatsindika za utsi wa tsiku loyamba. Ndinati mayi asadzayandikire n'komwe, wina adzawayatsire.

Tsiku lokaika chitofu phazi la a Makwinja linali likadali pa mpando. Anandipatsa bokosi la zipangizo, nandiyang'ana nthawi yaitali.

“Chitofu chimenechi chilibe chinzake kuno. Ukaswa pamwamba pakepo, waswa dzina langa. Ndipo lero usalote.”

Ndinakwera nacho lole ya thonje imene inkapita ku Liwonde m'mamawa. Dalaivala anati abwerera dzuwa likapendeka, ndipo sadikira munthu. Ndinakhala pamwamba pa mabelo, dzanja lili pa bokosi, ndikuona nkhungu ikusungunuka m'minda. Mtima unali m'malo ndithu. Ntchito ndinkaidziwa, ndipo ndinkaganiza kuti pofika masana ndikhala nditamaliza.

Ndinapeza pakhomo pali anthu ngati pali ukwati. Asodzi a Che Ajibu anali atabwera kudzathandiza kunyamula, oyandikana nawo anabwera kudzaona, ndipo panalinso achemwali awo a Che Ajibu ochokera ku Ntaja, mayi wonenepa wa mawu amphamvu, amene ankalamula ngati pakhomopo ndi pawo. Anabwera ndi mtsikana wina dzina lake Asiyatu, wamanyazi, wovala nsalu zatsopano. Achemwaliwo anandiuza kuti popeza alamu awo sangayandikire utsi, mtsikanayo ndi amene ayatse chitofu, ndipo ndimuphunzitse bwino chifukwa akhala pano kuthandiza. Ine ndinavomera osaganiza kanthu. Ndinaona ngati zinthu zayenda bwino.

Ndikumasula bokosi, mwana wina anandiuza kuti amayi akundifuna kuseri. Abiti Twaibu anali okha pamthunzi wa mbwemba, akusankha mpunga m'lichero. Anandilozera kachitsa kuti ndikhale. Anayamba ndi kufunsa za phazi la a Makwinja ndi za makolo anga, kenako anaika lichero pansi. Anandifunsa ngati kwathu kwa Nsamala mkazi amalola mkazi mnzake kuyatsa moto woyamba pa mafuwa ake atsopano. Ndinakumbuka amayi anga, ndipo ndinati iyayi. Mwini khitchini amapala yekha moto wa pa mafuwa akale n'kukauyika pa atsopano. Abiti Twaibu anagwedeza mutu. Kenako anandiuza mwachidule, akupuma pakati pa mawu, kuti alamu awo akhala akukakamiza Che Ajibu kukwatira mkazi wachiwiri, poti mwamuna sangakhale ndi mkazi wosaphika. Che Ajibu ankakana, ndipo chitofucho ndilo linali yankho lawo. Koma uthenga wanga wa utsi uja utafika ku Ntaja, alamuwo anapeza polowera.

“Akayatsa mwana uja pamaso pa anthu onsewa, khitchiniyo ndi yake. Sipafunikanso wina kunena kanthu,” anatero. “Ndikayatsa ine n'kugwa ndi chifuwa, ndiye aona okha kuti chitsulo chalephera. Mundiuze, amisiri, ndilowere kuti?”

Ndinachita mantha, ndiponso ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinali nditabwera ndi nyundo ndi sizasi, ndipo panalibe chilichonse m'bokosi langa chimene chikanathandiza pamenepa. Ndinangobwereza za katekisimu zija, kuti utsiwo ndi wa mafuta opakidwa pa chitsulo, ndipo akangopsa kamodzi safukanso. Iwo anandiyang'ana ndi maso awo akulu aja.

“Nanga mafutawo amasankha malo opsera?”

Zaka zonse a Makwinja ankayatsa chitofu chitalowa kale m'nyumba, ndipo ine sindinafunsepo chifukwa chake. Ndinayamba kufufuza m'mutu choletsa kuchiyatsira panja. Chikakhala pa nthaka yopendekeka n'kutentha, chikhoza kutsegula polumikizira, koma njerwa zotsala zinalipo ndipo levulo ndinali nayo. Paipi ndikhoza kuimika ndi kuimangirira ndi waya. Chovuta chinali nthawi. Chitofu chotentha sichinyamulika, ndipo chimazizira pa nthawi yake, osachifulumizitsa. Zinali zoonekeratu kuti lole indisiya. Komanso chikanati chisweke pabwalo, pa njira imene abwana sanandiphunzitse, ndikanakawauza chiyani? Ndinaganiza zonsezi kwinaku ndikumva kakhweru ka m'chifuwa mwawo. Ndinadzuka n'kunena kuti tiyesa.

Nditalengeza kuti chitofu ndiyamba ndachiyatsira pabwalo, achemwali a Che Ajibu sanakondwe. Anati chinthu chodula chotere sangachiotche panja ngati zinyalala, ndipo ngati moto uyatsidwe panja ndiye kuti woyambawo ndi umenewo, auyatse Asiyatu monga anakonzera. Che Ajibu anangoyang'ana pansi, akusisita ndevu. Anali munthu wabwino, koma pamaso pa achemwali awo ankabwerera ku ubwana. Amene anayankha anali Abiti Twaibu, atatulukira pa ngodya ya nyumba, atagwira khoma.

“Alamu, amisiriwa ayatsa ndi machesi. Moto wa machesi uli ndi mwini? Umenewo ndi wa m'sitolo.”

Amayi ena anaseka atagwira pakamwa, ndipo nkhalamba ina ya pafupi inati zimenezo n'zoona. Alamuwo anabwerera pa malo awo, koma osati ngati munthu wogonja.

Ndinasankha malo pakati pa bwalo, kutali ndi khitchini ya udzu. Ndinayala njerwa, n'kuyeza mbali zonse mpaka kadontho katakhala pakati. Asodzi ananyamula chitofu n'kuchikhazika, ine ndinabwezera njerwa za m'kati, titseko ndi zivundikiro, n'kuimika mapaipi onse, chifukwa nawonso anali opakidwa. Ndinawamangirira ndi waya ku zikhomo. Ndinatola udzu pang'ono n'kuuwaza m'mwamba kuti ndione kolowera mphepo, kenako ndinapempha kuti mkeka wa Abiti Twaibu aukokere cha ku mtsinje kumene mphepo inkachokera. Ndinayamba ndi zitsononkho ndi mapesi a nandolo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Munthu wina anabwera ndi chikuni cha tsanya kuti zifulumire, ndinamubweza nacho.

Chimene ndinaona mmawa umenewo sindinachiiwale. Chitofu chinaima chokha pabwalo la mchenga, kumbuyo kwake kuli mlambe, paipi italoza kumwamba kopanda mtambo. Chitayamba kutentha, thupi lake lonse linafuka utsi wobiriwira, wopyapyala, ukutuluka m'maluwa osema aja ngati chikutuluka thukuta. Chitsulo chinkalira tetete, pang'onopang'ono, ndipo kulira kulikonse ndinkayesa kuti chasweka. Fungo linali loipa zedi, anthu anathawira kumbali atatseka mphuno. Koma ine ndinaima pomwepo, ndipo kwa kanthawi ndinaona ngati ndili pa mutu wa sitima imene yaima pakati pa mudzi, ikudikira kuti tonse tikwere. Ndinadzidzimuka nditakumbukira mawu a abwana, n'kuyamba kuzungulira chitofu kufufuza mng'alu. Panalibe. Utsi wobiriwira uja unachepa mpaka kutha, n'kutsala wa nkhuni wokha, woyera, wotuluka m'paipi.

Ndinausiya motowo kuti uzime wokha, n'kukwera padenga kukaboola. Kuchokera pamenepo Shire ankaoneka yense, wotambalala, woyenda mwaulesi, mabwato ali ngati masamba ogwera m'madzi. Kutali mvuu inatulutsa mutu n'kubwereranso. Malata ankawotcha mawondo, koma kamphepo kochokera kumadzi kankandinyengerera kuti ndikhale. Ndili pakati pocheka, ndinayang'ana pansi mwangozi. Asiyatu anali akuyenda kulunjika ku chitofu, ndowa yodzaza madzi ili m'manja.

Sindikumbuka mmene ndinatsikira. Makwerero sindinawagwiritse ntchito. Ndinangomva ndagwera pa mchenga, n'kuthamanga, n'kugwira ndowayo atainyamula kale kuti akhuthule. Madzi onse anandithira ine kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Timadontho tochepa tinagwera pa chivundikiro, tinavina n'kusowa. Bwalo lonse linafa ndi phwete poona mmisiri atanyowa ngati nkhuku ya pamvula. Mtsikanayo anagwetsa misozi. Anati anamva anthu akudandaula kuti dzuwa likupita, ndiye anafuna kuthandiza. Ndipo ndani akanamudzudzula? Mkazi aliyense kwathu kuno akamaliza kuphika amafumula zikuni n'kuziwaza madzi kuti zidzagwirenso ntchito mawa. Anachita zimene anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana. Ngati wina anamutuma, ine sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Ndinangojambula mzere pa mchenga kuzungulira chitofu, n'kupempha Che Ajibu kuti akhale pomwepo. Anakoka mpando nakhala, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndinawamva akukweza mawu, pouza anthu onse, ngakhale achemwali awo, kuti wina asadutse mzerewo.

Kenako kunali kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumavuta anthu akamakuyang'ana. Amuna anapita kukaswali ku mzikiti n'kubwerako, chitofu chikadali chotentha. Tinadya mpunga ndi chambo, chikadali chotentha. Mithunzi inayamba kutalika, ndipo ku msewu ndinamva hutala ya lole ija ikulira kawiri, kenako injini ikuzimiririka cha ku mlatho. Alamu aja ankanena mokweza kuti mmisiri weniweni akanabwera yekha bwenzi pano anthu atamwa kale tiyi. Ndinkayandikiza kuseri kwa dzanja pa chitsulo, n'kubwerera kukakhala. Abiti Twaibu sanasunthe pa mkeka wawo. Nthawi ina maso athu anakumana, ndipo anangondigwedezera mutu pang'ono.

Pamene ndinatha kuika chikhatho pamwamba pake n'kuchisiya pomwepo, dzuwa linali litafiira. Tinachotsanso zochotseka, asodzi analowetsa mitengo iwiri pansi pake, ndipo tinalowa nacho chopingasa chifukwa khomo linali lothina. Chinakhala pa nsanja bwinobwino. Ndinalumikiza mapaipi, n'kukwera kukaveka kolala ndi chipewa, n'kutsika kudzamata dothi polumikizira. Pofuna kudziwa ngati paipi ikukoka, ndinatenga kathonje kamene kanandikakamira pa malaya kuchokera pa lole, n'kukagwirizira pakamwa pa chitofu. Tiulusi take tinaweramira m'kati. Ndinasanja zitsononkho ndi mapesi, n'kutuluka kukanena kuti zatheka.

Abiti Twaibu anadzuka okha, anakana dzanja la aliyense. Anatenga phale, anakulunga mpango pamphuno, nalowa m'khitchini yakale ija. Anatulukamo msanga, makala ofiira ali pa phale, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse, anthu akupatuka. M'khitchini yatsopano ndinawaonetsa poyika makala, ndi kachitsulo kotsegulira ndi kutsekera mpweya. Ndinawauza kuti lero asaphike chachikulu, dothi likadali laliwisi. Anamvetsera zonse, kenako anandiyang'ana.

“Sikomo, amisiri. Yanu mwamaliza. Tulukani.”

Ndinafuna kukana, koma anali atagwira kale chitseko. Anachitseka.

Tonse tinaima pabwalo, ena akuyang'ana chipewa cha paipi, ena akutchera khutu. Che Ajibu anali pafupi ndi ine, milomo ikuyenda popanda mawu. Kwa nthawi ndithu kunalibe kanthu. Kenako m'katimo munamveka kutsokomola kamodzi, ndipo alamu aja anaponya phazi kutsogolo. Che Ajibu anatambasula dzanja n'kuwatsekereza, osawayang'ana. Kutsokomolako sikunabwerezenso. Pamwamba panatuluka kautsi koyera, kanazengereza pansi pa chipewa, kenako kanawongoka. Tinamva chivundikiro chikukokedwa, ndi ketulo ikukhala pa chitsulo. Patapita kanthawi tinamvanso china chimene sindinachizindikire msanga. Anali iwowo, akung'ung'udza nyimbo ya Chiyao motsitsa, yodukaduka, koma nyimbo ndithu.

Chitseko chitatseguka, anatuluka atanyamula thireyi. Nkhope inali ndi thukuta, ndipo ankapuma ngati munthu wokwera chitunda, koma anayenda okha. Sanapite kwa amuna awo kapena kwa ine. Anapita kwa alamu awo, anagwada, nawapatsa kapu yoyamba ndi manja awiri.

“Alamu, imwani. Ndaphika ine.”

Mayi aja anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Panalibe njira yoikanira pamaso pa anthu. Anailandira, anamwa, ndipo ananena motsitsa kuti shuga wakwana. Kapu yachiwiri inapita kwa Asiyatu.

Ndinagona konko, ndipo mmawa ndinabwerera pa sitima. A Makwinja ndinawafotokozera zonse ndikuyembekeza mkwiyo. Anamvetsera phazi lili pa mpando, kenako anafunsa ngati ndinayeza njerwa za pabwalo zija ndi levulo. Nditavomera, anati, “Ndiye mayiwo ndi amene anaika chitofucho. Iwe unangonyamula.” Kuyambira pamenepo, pakhomo pakakhala khanda, nkhalamba kapena wodwala chifuwa, chitofu tinkayamba tachiyatsira panja, ndipo eni ake tinkawauziratu kuti ntchitoyo idya tsiku lonse.

Mphumu ya Abiti Twaibu sinathe, chitofu si mankhwala. Nyengo yozizira ankagonabe kuchipatala. Koma Asiyatu anabwerera ku Ntaja sabata yomweyo, ndipo ndinamva kuti anakwatiwa ndi munthu wa ku njanji. Chaka chilichonse ndinkapita ku Liwonde kukachotsa mwaye m'paipi, ndipo nthawi zonse ndinkawapeza mayiwo m'khitchini mwawo, mpaka chaka chimene ndinapeza Che Ajibu ali okha pakhonde.

Ndaika zitofu zambiri kuchokera nthawi imeneyo, ku Ulongwe, ku Utale, ku Ntaja, mpaka manja anayamba kukana nyundo. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ankadabwa kuti tikafika pakhomo sindithamangira kuyeza khomo kapena kuyang'ana denga. Ndinkayamba ndafunsa kuti adzaphikepo ndani. Akandilozera, ndinkapita kukakhala pansi pafupi naye, n'kumufunsa za kumunda ndi za ana, kwinaku ndikumvetsera mmene akupumira.